Thaulo Likumwa Mofini Wanga

Lolemba, 4 Ogasiti

Andigoneka. Bedi lachiwiri kuchokera pazenera, ndipo zeneralo silitsekuka. Mimba yatupa ngati ndili ndi pakati, pa msinkhu wanga uno. Namwino wolandira odwala anafunsa kuti, "Sukulu munalekezera pati, mayi?" Ndinati, "Yatupitsa mimbayi ndi sukulu?" Anangolemba zake.

Wandibweretsa ndi mlongo wanga wamng'ono, amene anthu onse amamutcha Abusa. Ine ndinkamusambitsa ali wa mamina, choncho dzina limenelo ndimamupatsa ndikafuna kumunyoza basi. Wanyamula chikwama, wakonza pilo, wapemphera. Ndinatsinzina diso limodzi.

Ndizilemba kuti ndisasokoneze zimene madokotala akunena. Moyo wanga wonse ndakhala ndikutayipa ndi kukonza zolemba za ana a ku yunivesite amene sadziwa pothera chiganizo. Iwo amakavala mikanjo, ine nkutsala ndi msana wopweteka. Zangazi palibe azikonze.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Atenga magazi, timabotolo titatu. Kenako kuchipinda chojambulira, kumene anandipaka mafuta ozizira pamimba. Wojambulayo ankacheza za mpira ndi mnzake, kenako anangoti zii. Ndinamufunsa kuti waona chiyani. Akuti, "Adokotala akuuzani."

Kumanja kwanga kwagona mayi wonenepa, shuga anawadya chala cha kuphazi ndipo bala likukana kupola. Wodi yonse imawatcha Mayi Wailesi, chifukwa sazima. Akudziwa matenda a aliyense ndi mwamuna wa aliyense. Atamva kuti ndinafikako ku yunivesite anditcha Aphunzitsi. Ndawauza kuti sindinamalize.

"Ndiye ndinu abwino, Aphunzitsi," iwo anatero. "Omalizawo ndi amene akutidula zalawa."

Pakona, moyang'anana nane, pali mayi wowonda ngati chingwe. Salankhula, amangobuula. Mwana wake wamkazi amakhala pambali nkumamupukuta pakamwa.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Apopa madzi m'mimba. Singano kumanzere kwa mchombo, paipi, thumba lolendewera pansi pa bedi. Malita anayi, achikasu ngati mafuta ophikira. Ena atumiza kukawayeza. Ndapuma bwino koyamba chiyambire mwezi watha.

Mlamu wanga, mkazi wa Abusa, wabwera ndi supu wa nkhuku, buledi ndi malalanje. Ndi munthu wabwino kwambiri moti amanditopetsa. Ndamwa masipuni ochepa, otsalawo amaliza Mayi Wailesi, shuga yemweyo.

Ululu uli kumsana ndi pansi pa nthiti. Mapiritsi oyera akuthandiza pang'ono.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Muno ali ndi kachitidwe kawo. Nkhani ikakhala yabwino amauza wodwala. Ikakhala yoipa amaitanira wachibale pakhonde. Ndaziona kwa ena, lero ndaziona kwa ine. Dokotala, mtsikana wamagalasi amene ndikanatha kumubereka, anakodola mlongo wanga ndi chala.

Ndinakuwa wodi yonse ikumva. "Adokotala, mimbayo ndi ya Abusa?"

Anabwerera, nakoka katani. Khansa. Inayambira ku thumba la mazira, yafalikira m'mimba monse mpaka kuchiwindi. Opaleshoni siingathandize. Mankhwala olimbana ndi khansa aganizira ndikapezako mphamvu, koma analankhula mosayang'ana kumaso. Akuti ntchito yawo tsopano ndi yakuti ndisamve ululu.

Ndinafunsa mafunso anzeru, motsatana bwino. Anandiyamikira kuti ndine wolimba mtima. Atachoka, ndinafunda bulangete mpaka kumutu kuti Mayi Wailesi asandione kumaso.

Loweruka, 9 Ogasiti

Lero ndili ndi mphamvu pang'ono, ndilembe za bambo.

Bambo anafa ziwalo ndili chaka chachitatu ku yunivesite. Mayi anali atapita kale. Pa ana awirife wina anayenera kubwerera kunyumba, ndipo wamkazi ndinali ine. Ndinati ndibwerera kusukulu chaka chamawa. Bambo anakhala pamphasa zaka zambiri. Ndinkawatembenuza, kuwatawasa, kutsuka zilonda za kumsana zimene zinkalowa chala chonse. Chakumapeto ankalira ngati mwana ndikangowakhudza. Pamene ankamwalira, mabuku anga anali atadyedwa ndi chiswe, ndipo mlongo wanga anali atavala kolala yoyera.

Tsiku la maliro ndinamuuza pamaso pa akulu ampingo kuti galu akavutika chonchi timamuchitira chifundo, koma bambo athu tinawasunga kuti awole ali moyo. Ndinati, "Ine ndikadzafika pamenepa, udzauze adokotala andibaye jakisoni ndigone. Ndakuuziratu."

Iye anati, "Ayi, achemwali. Moyo si wathu. Amene anaupereka ndi amene adzautenge."

Kuchokera pamenepo mkangano umenewo wakhala ndiwo zathu. Ndikapita kwawo kukadya, mlamu amadziwa kuti ukubwera, amayamba kuchotsa mbale zosweka. Ine ndimabwera ndi mfundo zanga: ufulu wa munthu pa thupi lake, ulemu wake, Mulungu wanji wokondwera ndi mafinya. Ndimamupanikiza mpaka thukuta. Iye alibe mfundo zambiri, amangoti ayi. Ndinkamutcha khoma.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Magulu a mapemphero adzaza wodi, atatu, aliyense nyimbo yake. Mayi wina anandiika dzanja pamimba osapempha. Ndinamuuza kuti akalikonda dzanjalo alichotse.

Mayi wa pakona amuyambitsa mankhwala atsopano, amadzi obiriwira. Sisita wamkulu amawakoka m'sirinji yopanda singano nkumuthira m'kamwa. Pofika masana anasiya kubuula. Mwana wake anapita kukasamba koyamba chibwerere ine.

Mayi Wailesi anandikodola. "Mwauona wobiriwirayo? Mofini ameneyo. Akakuyambitsani ameneyo, itanani abale. Ine ndakhalitsa muno, Aphunzitsi. Onse amene anamwa anatuluka ataphimbidwa kumaso."

Ndinawauza kuti amenewo ndi maganizo a umbuli. Amapatsa mofini anthu amene akufa kale, si mofiniyo amene amawapha. Ndinafotokoza bwino, ngati m'kalasi.

"Chabwino," iwo anatero. "Mudzamwe."

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Mayi wa pakona wamwalira nthawi ya chakudya chamasana. Kupuma kwake kunayamba kutalikirana. Ndinapezeka ndikudikira mpweya wotsatira pamodzi naye, nanenso osapuma. Kenako sunabwere. Anakoka makatani, ngolo ya chakudya inadutsa, anthu anadya. Pofika madzulo pabedipo panali pagona wina.

Anafa mwakachetechete, mopanda ululu. Ndi imfa imene ndakhala ndikuilalikira.

Sindikufuna. Ndalemba, ndipo sindifufuta. Sindikufuna kufa, kaya mwaulemu kaya mopanda ulemu. Ndikuopa kuti Mulungu kulibe. Ndikuopanso kuti aliko.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Ululu wakwera. Mapiritsi oyera sakuchita kanthu.

Mlongo wanga anabwera masana ndi nthochi. Ankazisenda nkumandipatsa tizidutswa, ine nkumakana. Ndinkafuna chinthu chimodzi kwa iye, koma sindikanachipempha molunjika. Ndinkafuna kumva ayi wake uja. Ndinkafuna kutsamira khoma.

Choncho ndinamuputa. "Abusa, nthawi ija yakwana. Zija ndinakuuzani zija. Mukalankhule ndi adokotala, kapena mukuopa kuti kolala ida?"

Ndinadikira. Iye anayang'ana khoko la nthochi m'manja mwake.

"Ndakhala ndikuziganizira, achemwali," anatero. "Kuyambira Lachisanu sindikugona nazo. Mwina pa zina munkanena zoona."

"Wati chiyani?"

"Sindilola kuti muvutike ngati bambo. Zimenezo ndiye ayi."

Ndinaseka. Ndinati zikomo, mwachedwa nazo koma mwafika. Potuluka anaima pa tebulo la anamwino, ndipo ndinamuona akulankhula ndi Sisita wamkulu, mutu uli pansi, dzanja likuloza kuno. Sisita ankagwedeza mutu kuvomera.

Zaka zonsezi ndakhala ndikukankha khoma, osaganiza kuti tsiku lina lidzagwa ine ndili chitsamire.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Wabwera. Wobiriwira. Mamiligalamu asanu, maola anayi aliwonse.

Sisita wamkulu ndi mayi wamtali, wa mawu okhuthala, sataya nthawi. "Yasamulani, mayi. Abusa akuti mukubisa ululu. Muno sitipereka mendulo kwa opirira."

Ndinayasamula. Ndi wowawa, wotsekemera pang'ono kumapeto. Ndinausunga m'tsaya, ndinagwedeza pakhosi ngati ndameza. Atatembenukira bedi lina ndinalavulira m'thaulo.

Ndikudziwa zimene ndinauza Mayi Wailesi Lamlungu. Mutu wanga ukudziwabe kuti ndinanena zoona. Madokotala sapha anthu chifukwa mbusa wapempha. Koma pakhosi panga sipamva za mutu. Pangotseka.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Dokotala anafunsa kuti ululu uli bwanji. Ndinati uli bwino. Kenako anandigwira pamimba ndipo ndinakuwa. Wakweza, mamiligalamu khumi.

Thaulo lamwa onse.

Apopanso madzi, malita atatu. Sindinadye.

Loweruka, 16 Ogasiti

"Ndakuonani," anatero Mayi Wailesi m'mawa, akumata batala pa buledi amene anawaletsa. "Musaope, sindinena. Mwachenjera, Aphunzitsi. Koma umbuli uja ndi wokoma eti?"

Ndinawauza kuti asamale za zala zawo zotsalazo. Anaseka mpaka kutsamwa.

Mlamu anabwera kudzatenga zochapa. Ananyamula thaulo ndi zala ziwiri. "Alamu, thauloli likumata bwanji? Ndipo labiriwira."

"Ndinatayira mankhwala otsukira mano."

"Ndibweretsa lina." Kenako anandidula zikhadabo, nandipesa tsitsi pang'onopang'ono. Sanayambe wandipesapo. Ndinamufunsa kuti akundikonzera ulendo wanji. Misozi inalengeza m'maso mwake. Ndikanakonda akananditukwana.

Mamiligalamu khumi ndi asanu.

Ululu uli ngati munthu wandiponda pamsana ndi nsapato ndipo sakuchoka. Ndimaluma bulangete. Ndikuopa kugona. Ndikangosinza ndimadzidzimuka kuti mwina andithira m'kamwa ndili m'tulo.

Lamlungu, 17 Ogasiti

Mlongo wanga wabwera atavala kolala, atanyamula kabokosi ka mgonero. Ine mgonero ndinaudya komaliza bambo ali moyo. Iye akudziwa zimenezo, ndipo sanayambe wandikakamizapo.

"Ndangobwera nawo," anatero. "Ngati simukufuna, ndibwerera nawo."

"Bwanji lero?"

"Ndi Lamlungu, achemwali."

"Malamlungu onse apitawa unali kuti?"

Anayang'ana kabokosi kake. Masiku ano akungokhala chete. Kale ndikamulasa ankabweza, tsopano akungondiyang'ana ngati mmene anthu amayang'anira nyumba imene agulitsa kale.

Ndinakana mgonerowo. Ndinati sindidya kamba wa paulendo ndisanaone basi. Anapita nawo kwa Mayi Wailesi, amene analandira ngakhale si a mpingo wake, nkufunsa ngati pali wowonjezera.

Atapita ndinayesa kupemphera. Mawu okha amene anabwera ndi akuti, musanditenge. Ndinawabwereza mpaka ngolo ya tiyi inafika. Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndikuba.

Mamiligalamu makumi awiri.

Lolemba, 18 Ogasiti

Makumi atatu.

Sisita akudabwa. Akuti sanaonepo munthu wowonda chonchi amene mofini sakumugwira. Anandiyang'ana m'maso ndi tochi.

Ululu sukundilola kulemba. Basi.

Lachiwiri, 19 Ogasiti, m'mawa

Ndilembe msanga.

Dokotala wabwera ndi Sisita. Akuti n'kutheka kuti matumbo anga sakuyamwa mankhwala, n'chifukwa chake wakumwayu sakugwira. Kuyambira masana ano asiya wa m'kamwa. Azindibaya jakisoni pansi pa khungu, mamiligalamu khumi ndi asanu, amene akuti mphamvu yake ndi yofanana ndi makumi atatu akumwa.

Jakisoni salavulika.

Ndinadzikakamiza kumwetulira. "Adokotala, ndingofunsa ngati wophunzira. Mlingo umenewu, mutabaya munthu wowonda ngati ine amene sanamwepo mofini chibadwire, chingachitike n'chiyani?"

"Sitingachite zimenezo," iye anatero. "Watsopano timamuyambira pansi. Mlingo uwu ukhoza kumugonetsa mpaka kuiwala kupuma, makamaka chiwindi chikakhala chofooka. Koma inu musade nkhawa, mayi. Thupi lanu lazolowera."

Thupi langa silinalawepo ndi dontho lomwe. Lazolowera ndi thaulo.

Ndiye taonani nzeru zanga. Palibe amene amafuna kundipha muno. Kaya mlongo wanga anapempha chiyani, iwo ankangondipatsa zoyenera. Jakisoni amene angandiphe ndamukonza ndekha, tsiku ndi tsiku, ndi tsaya langa. Ndipo adzandibaya anthu amene akufuna kundithandiza.

Njira ndi imodzi, kunena. Koma kunena ndiye kuti Sisita amve, Mayi Wailesi amve, mlongo wanga amve kuti mayi uja wa mfundo, uja anachititsa manyazi akulu ampingo pamaliro, wakhala akulavulira mankhwala m'thaulo ngati mwana chifukwa cha mantha. Ndaganizapo zongokana jakisoniyo osapereka chifukwa. Koma dzulo masana ululu unandichotsa nzeru, ndinadzidzimuka mlamu akundiitana ine osadziwa kuti ndili kuti. Zikachitikanso, afunsa mlongo wanga, ndipo iye avomera. Sakufuna kuti ndivutike ngati bambo.

Mayi Wailesi amva zonse. Kwa nthawi yoyamba sakulankhula.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Ndili moyo. Ndilemba mmene zinayendera, pang'onopang'ono.

Mlongo wanga anafika dzulo chakudya chamasana chitangotha. Anakhala pampando, nayamba kundiuza za denga la tchalitchi limene likudontha. Sindinamve kanthu. Ndinkangoyang'ana tebulo la anamwino.

Sisita anabwera ndi kambale kachitsulo. Anapinda dzanja la diresi langa, napukuta pamkono ndi thonje lozizira. Ndinkadziuza kuti nena, nena, koma lilime limene lakhala likudula anthu moyo wanga wonse linagona ngati lafa. Ndinaona nsonga ya singano. Ndinaona kadontho pansongapo.

Mayi Wailesi anakhosomola mwadala. "Aphunzitsi," anatero. "Inu."

Ndinabweza mkono mwamphamvu, kambale kanagwa pansi.

"Musandibaye. Sindinamwe."

"Simunamwe chiyani?" anatero Sisita.

"Mofini. Chiyambire. Ndimalavula."

Sisita anaimika singano m'mwamba, kutali ndi ine, ngati yatentha. "Wonse? Kuyambira Lachinayi?"

"Wonse."

Anavundikira singanoyo mosamala. Anatola kambale. "Mayi inu," anatero motsitsa mawu, "mukudziwa chimene mukanandichititsa lero? Ine ndili ndi ana. Ndikanapita kunyumba nditanyamula chiyani?" Anachoka kukaitana dokotala, osadikira yankho.

Ndinatsala ndi mlongo wanga. Anali ataimirira.

"Chifukwa chiyani, achemwali?"

"Chifukwa cha iwe!" Mawu anatuluka oipa, osweka, wodi yonse inamva. "Ndinakufunsa Lachitatu. Unayenera kunena kuti ayi. Moyo wako wonse umangoti ayi, ayi, ngati chitseko chokhoma. Tsiku limodzi lokha limene ndinkamufuna ayi wakoyo, ukuti wakhala ukuganizira. Ukuganizira chiyani? Ndani anakutuma kuganiza? Kenako ukukanong'onezana ndi Sisita, mawa lake mofini, mkazi wako akundipesa, iwe ukubwera ndi mgonero."

Anakhala pansi pang'onopang'ono. "Mumaganiza kuti ndapempha kuti akupheni?"

"Si zimene ndinakutuma?"

"Munandituma, inde."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinakana. Ndikukanabe. Mukanandifunsa bwinobwino." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Chimene ndimaganizira ndi china. Nthawi ya bambo ine ndinkati kupirira ululu ndi chikhulupiriro. Ndinkanena zimenezo ndili kutali, inu muli ndi beseni m'manja. Pamenepo ndiye munkanena zoona. Mulungu sanatitume kusunga ululu. Ndinakapempha Sisita kuti aphe ululuwo, osati inu. Ndi zinthu ziwiri zosiyana."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinkati mwatopa ndi maulaliki anga. Ndinati munthu akudwala, ndisamukanganitse."

"Chitsiru," ndinatero. Ndinali ndikulira tsopano, mamina ndi zonse. "Abusa achitsiru. Ndikuopa, wamva? Sindikufuna kufa. Ngakhale ndiwole. Ndikuopa."

Ndinadikira kuti apambane. Anali ndi ufulu. Akanatha kunena kuti mwaona, kapena kutsegula vesi. Anangotenga thaulo, naliyang'ana, nalibweza, nkutulutsa mpango wake kundipukuta nawo mphuno.

"Nanenso ndikuopa," anatero.

"Iwe ndiye ukuopa chiyani? Si uli ndi kumwamba?"

"Kumwamba kuliko. Koma pa ndiwo zamadzulo ndizikangana ndi ndani?"

Mayi Wailesi anamina mokweza, nkunena kuti fumbi lachuluka muno.

Dokotala anabwera nkhope itasintha. Sanandikalipire. Anakhala m'mphepete mwa bedi, nandifotokozera ine mwini wake, osati pakhonde. Akuti tiyambiranso pansi, mamiligalamu asanu akumwa. Akuti ndisinza masiku oyamba, m'mimba muuma, andipatsa zofewetsa. Akuti mayi wa pakona anaphedwa ndi khansa, mofini anangomulola kupita osakuwa. Akuti sangandilonjeze nthawi, mwina miyezi ingapo, mwina yocheperapo, koma sadzandipatsa kanthu osandiuza dzina lake ndi mlingo wake. Ndinamufunsa ngati akunena zoona kapena akundinyengerera. Anati, "Inu mumanyengerereka?"

Atachoka ndinauza mlongo wanga kuti amvetsetse. "Tsiku lina ululu ukadzakula ndidzakupemphanso. Mwina ndidzakhala ndikunenetsa."

"Ndidzakana."

"Ndidzakutukwana."

"Ndazolowera. Ndidzapita kukaitana Sisita kuti awonjezere mankhwala a ululu, kenako ndidzabwera kudzamva zotsalazo. Koma pali zina zimene muyenera kusankha nokha. Mapaipi, makina, kukudzutsani mtima ukaima. Kukana zimenezo si kudzipha, ndipo sindidzakukakamizani. Mukufuna bwanji?"

Ndinati sindikudziwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinauza mwana ameneyu kuti sindikudziwa. Ndinati azindifunsa tsiku lililonse, ndipo asamakhulupirire yankho loyamba.

Sisita anabweranso ndi sirinji yopanda singano. Anandionetsa mzere wa mlingo kuti ndidziwerengere ndekha. Thaulo analichotsa, nkuliponya kumiyendo kwa bedi. "Mukameza mutulutse lilime," anatero. "Ngati mwana, poti mwasankha nokha."

Mankhwala anali m'kamwa, pakhosi panatsekanso. Mutu unkati meza, thupi linkati ukameza sudzuka. Ndinagwira mkono wa mlongo wanga mpaka zikhadabo zinalowa. Ndinameza. Ndinatulutsa lilime. Mayi Wailesi anaomba m'manja kamodzi, Sisita atawayang'ana anasiya.

"Usachoke," ndinamuuza. "Uziyang'ana pachifuwa panga. Kupuma kukayamba kutalikirana undigwedeze, ukuwe, uchite chilichonse. Usaphethire."

"Sindiphethira, achemwali."

Patapita kanthawi munthu wa nsapato uja anachotsa phazi lake pamsana panga. Ndinali nditaiwala kuti thupi limatha kungokhala. Ndinalimbana ndi tulo momwe ndikanathera. Tinandigonjetsa.

Ndinadzuka dzuwa litapendeka, ngolo ya tiyi ikulira magudumu pakhomo. Ndinapuma kamodzi, kawiri, kuti nditsimikize. Ndinamva njala.

Mlonda wanga anali pampando, mutu utagwera kumbuyo, pakamwa pali yasa, kolala itapotoka, akuliza mkonono umene unkamveka mpaka bedi la kukhomo. Dzanja lake linali likadali m'dzanja langa.

Mayi Wailesi anafunsa ngati amudzutse.

Ndinati amusiye. Ndinamuyang'anira pachifuwa mpaka tiyi anazizira.